Tsiku Ngati Lalero pa Bolodi ya Tahlia

Lolemba, 3 Juni

Ndayamba kulemba chifukwa akuti ndinasokonezeka mutu masiku awiri, ndipo sindikufuna kuti anthu azindiuza za ine ngati kuti ndinalibepo. Ndine Hedley Trezise, zaka 79. Ndinagwa pa makwerero pa 28 Meyi ndikuchotsa masamba m'ngalande ya denga kuti madzi a mvula azilowa bwino m'thanki. Fupa la m'chiuno chakumanzere linathyoka. Pa 29 anandichita opaleshoni ku Adelaide, anaikamo chitsulo. Pa 30 ndi pa 31 akuti ndinkacheza ndi Merle, mkazi wanga, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Dokotala wa kumeneko anati ndi mankhwala ogonetsa, zimachitikira okalamba ambiri ndipo zimatha. Zinathadi. Koma anazilemba, ndipo pepalalo labwera nane.

Lero andibweretsa ku chipatala chaching'ono cha kwathu kuno, ku wodi ya ophunzira kuyendanso. Kuthamanga kwa magazi 148/86. Mapiritsi opha ululu awiri, kanayi patsiku. Jakisoni wa pamimba madzulo, woletsa magazi kuundana. Galu wanga Tuppence ali kwa a Hoffrichter, amene famu yawo inachita malire ndi malo anga.

Lachiwiri, 4 Juni

Pa bedi la pawindo pali Des Quilty. Anali dalaivala wa malole onyamula nkhosa, amuika bondo latsopano. Pakamwa pake sipatseka.

“Amwene, mwabwera ndi chiyani?”

“Chiuno.”

“Ha! Msinkhu umenewo mukuvinabe? Anali ndani mayiyo?”

Ndinatseka maso.

Teni koloko kunabwera mtsikana dzina lake Tahlia. Si namwino. Ntchito yake akuti ndi kusangalatsa odwala. Anatikankhira ku chipinda chochezera, ife awiri ndi amayi anayi a ku wodi inayo. Pali bolodi yoyera, pamwamba analemba zilembo zikuluzikulu, TSIKU NGATI LALERO, ndi maluwa ojambula m'mbali. Anawomba m'manja.

“Tiyeni anyamata anga ndi atsikana anga! Tsiku ngati lalero, mu 1966, ndi woimba uti wa ku Mangalande amene anameta tsitsi lake, atsikana n'kukomoka m'misewu?”

Quilty anakuwa dzinalo asanamalize kufunsa. Anapatsidwa chokoleti choumbidwa ngati chule. Mafunso anali asanu, onse otero: wina anakwatira kachitatu, wina anagula galimoto yapinki, filimu ina inayamba kuonetsedwa. Maina awo sindilemba muno. Pepala langa ndi loyera.

Ine ndakhala ndikumeta tsitsi langa moyo wanga wonse, palibe anakomokapo.

Lachitatu, 5 Juni

Wamafizo, wotiphunzitsa kuyendanso, wandiyendetsa ndi chitsulo choyendera mpaka pa chitseko ndi kubwerera. Thukuta ngati ndanyamula njanji.

Dokotala Wijesinghe, mayi wolankhula motsitsa, anandifunsa tsiku, mwezi, chaka ndi dzina la malo ano. Anati ndichotse 7 pa 100, ndizingochotsabe. Ndinafika pa 2, iye anali atandiletsa kale pa 65. Anati zili bwino, koma mayeso amodzi sakwanira kwa munthu wokhala yekha kutali chonchija. Pa 20 Juni kudzakhala msonkhano: iyeyo, wamafizo, Tahlia ndi mwana wanga wamkazi Kerryn. Adzaona mmene ndakhalira masiku onsewa. Njira zilipo ziwiri: kubwerera kwathu, kapena kulowa m'nyumba ya okalamba imene ili kuseri kwa chipatala chino.

Nyumbayo imaoneka pa windo la Quilty. Madzulo amawandandalika pa mipando, mabulangeti m'mawondo, onse nkhope kuloza kanema. Kwathu kuli khonde limene ndinamanga ndekha, thanki, nkhuku zisanu ndi galu. Sindilowa m'menemo.

Lachinayi, 6 Juni

Bolodi kachiwiri. Lero wosewera m'mafilimu wina anabadwa, gulu lina loimba linakangana n'kupasuka, ndipo mayi wina anavala diresi limene dziko lonse silinagone nalo tulo.

“A Hedley, inu simunanene kanthu. Mu 1974 munali kuti pamene gulu lija linkapasuka? Aliyense amakumbukira kumene anali!”

Ndinati ndinali kuntchito.

“Koma munamva bwanji mumtima?”

“Sindinamve.”

Tahlia analemba kanthu pa pepala lake.

Mu 1974 ndinali m'gulu lokonza njanji kumpoto, m'chipululu. Tinkagona m'ngolo ya sitima. Magetsi kunalibe, nyuzipepala inkafika itakulunga nyama. Ndinagwira ntchito imeneyo zaka makumi atatu ndi zinayi. Anthu amenewa ankameta, kukwatirana ndi kusudzulana ine kulibe, ndipo sanandiitanepo.

Nkhomaliro: supu wa maungu, nyama ya nkhosa youma ngati chikumba, kasitadi. Kasitadiyo ndi wabwino.

Lachisanu, 7 Juni

Ndinayesa kumuuza Tahlia mwaulemu. Ndinati, “Mwanawe, zinthu izi ndi zachabechabe. Munthu wamkulu sangaitanidwe teni koloko kuti adzakumbukire tsiku limene mlendo anagula galimoto.”

Anamwetulira, n'kundisisita paphewa ngati mphaka.

“Ayi, musadandaule a Hedley, zibwerera zokha pang'onopang'ono.”

Zibwerera kuchokera kuti? Sizinalowepo.

Analembanso. Cholembera chake chili ndi nthenga yofiirira kumapeto.

Loweruka, 8 Juni

Kerryn wabwera kuchokera ku Adelaide, ulendo wa maola anayi. Wandibweretsera mphesa, masokosi ndi mapepala a nyumba ya okalamba ija. Akuti angowatenga kuti tiwaone basi.

“Adadi, ndawerenga zimene akulemba za inu.”

“Akuti chiyani?”

“Akuti simucheza ndi anzanu. Simukumbukira zinthu zodziwika za m'nthawi yanu yomwe. Ndipo dzulo munapsa mtima.”

“Sindinapse mtima. Mawu anga unayamba wawamva atakwera?”

“Nanga bwanji simuyankha? A Quilty akuyankha zonse.”

“Quilty anakhala zaka makumi anayi m'lole ndi wailesi. M'mutu mwake mulibe china.”

“Ndamva zimenezo, mdala!” anakuwa Quilty. “Chemwali, bambo anuwa ndi mwala. Mukawaika pansi muwapeza pomwepo.”

Kerryn sanaseke. Anayamba kung'ung'udza kanyimbo, n'kundiyang'ana.

“Iyi mukuidziwa?”

“Ayi.”

“Adadi, munavina ndi amami nyimbo imeneyi pa ukwati wanga. Inu nokha awiri pakati, anthu onse akuonerera.”

Ndinamuuza kuti ukwati wake unali pa 14 Okutobala 1995, kunali mphepo ya fumbi, ndipo Merle anavula nsapato chifukwa zinkamuthina. Ndinamugwira m'chiuno, anandinong'oneza kuti ndasiya geti la nkhuku lotsegula. Nyimbo sindinaimve. Sindimamva nyimbo, sindinayambe ndazimvapo.

“Mwaona, masiku mumawadziwa,” anatero. “Koma ine ndili kutali. Mukagwanso, kapena mutu ukachitanso zija, adzakupezani ndani?”

Anali kulira pang'ono. Mapepala aja wawasiya m'dirowa yanga.

Lamulungu, 9 Juni

Bolodi kulibe, Tahlia sagwira ntchito Lamulungu. Tsiku labwino. Dziko latha tsiku lonse osakumbukira tsitsi la munthu, ndipo dzuwa lalowa nthawi yake.

Koma nyimbo ija yandivutitsa. Ndayesa kuifuna m'mutu, mulibe. Kodi inalipo n'kuchoka, kapena sinalowepo? Sindingatsimikize. Magazi 156/90.

Lolemba, 10 Juni

Ndinadzuka molawirira chifukwa cha ululu. Ndinaona Quilty atafunda bulangeti mpaka kumutu, kachingwe kakutuluka m'khutu. Milomo yake inkayenda ngati akupemphera.

Teni koloko anakhoza mafunso onse asanu. Titabwerera ndinamufunsa za kachingweko.

“Musakweze mawu, amwene,” anatero, ngati kuti ine ndiye wokweza mawu muno. Anatulutsa kawailesi kakang'ono pansi pa pilo. “Hafu sikisi m'mawa, pa siteshoni ya kwathu konkuno, mnyamata wina woulutsa mawu amawerenga zomwezo. Tahlia amazitenga pa foni yake, mnyamatayo amazitenga pa foni yakenso. Onse amatunga pa chitsime chimodzi.”

“Ndiye suzidziwa ndi mutu wako?”

“Theka ndimazidziwa. Zimabwera chaka ndi chaka ngati chimfine. Theka linalo ndimaba. Nanga chule uja ndimusiye?”

Tsono nzeru zonse za wodi ino ndi zimenezo. Mnyamata awerenge pa foni, nkhalamba ibe pa wailesi, mtsikana afunse za pa foni yomweyo, ndipo zikagwirizana akuti mutu uli bwino.

“Ndikhoza kukubwerekani khutu limodzi,” anatero Quilty. “Koma kasitadi wanu ndi wanga.”

Ndinati ayi. Ndinati sindinanamepo kwa dokotala.

“Ndani wanena za kunama? Mufunsidwa dzina, munena dzina. Kapena mukufuna mpando ku nyumba ya okalamba uko? Pali wina watsala pafupi ndi kanema, mwini wake anatsogola Lachinayi.”

Lachiwiri, 11 Juni

Bala lafiira m'mbali. Thupi 38.3. Andiika diripi. Sindinapite ku bolodi.

Lachitatu, 12 Juni

38.1. Namwino wandifunsa dzina langa katatu lero. Ndayankha katatu. Ndikuopa kugona, mwina Merle angabwerenso iwo n'kulemba.

Lachinayi, 13 Juni

37.2. Kutentha kwatsika, mutu sunasokonezeke. Diripi achotsa mawa, ndipitiriza ndi mapiritsi kwa masiku asanu.

Tahlia anabwera pa bedi kudzandiona. Anandibweretsera chule wa chokoleti wosamugwirira ntchito.

“Takusowani, a Hedley. Osadzitsekera nokha chonchi, n'zimene zimafulumizitsa matenda aja.”

“Matenda ati?”

“Aa, mukudziwa. Kuiwalaiwala.”

Si mwana woipa. Amakhulupirira bolodi yake monga mmene ena amakhulupirira mankhwala a zitsamba. Msonkhano watsala sabata imodzi, ndipo pa pepala lake ndilibe ngakhale yankho limodzi.

Atachoka ndinakankhira kasitadi wanga pa tebulo la Quilty. Anangonyambita supuni mondionetsa.

Lachisanu, 14 Juni

Hafu sikisi. Mabedi athu ndi otalikirana, kachingwe n'kakafupi, choncho ndinakhala pa mpando pambali pa Quilty, mitu yathu itagundana ngati nkhosa pomwera. Mnyamata wa pa wailesi amalankhula ngati akuthamangitsidwa, ndipo amaseka yekha. Ndinalemba maina asanu pa kapepala kopukutira pakamwa, ndinawaloweza pomwa tiyi, kenako ndinakataya.

Quilty anandilangiza. “Musakhoze zonse, akukayikirani. Ziwiri zokha. Ndipo muzichita ngati zikuchokera kutali. Gwirani pachipumi, yang'anani kudenga.”

Teni koloko Tahlia anafunsa za mayi wina woimba amene anasiya mwamuna wake pa bwalo la ndege mu 1971. Ndinagwira pachipumi. Ndinayang'ana kudenga. Ndinanena dzinalo.

Anakuwa ngati waona njoka.

“A Hedley! Mwakumbukira! Tiyeni tonse tiwaombere m'manja!”

Amayi anayi aja anaomba. Mmodzi, Mayi Pengilly, anapukuta misozi. Ndakhala ndi moyo zaka 79, ndalera mwana, ndaika mkazi m'manda, ndipo aka n'koyamba kuomberedwa m'manja. Chifukwa cha mayi amene sindikumudziwa ndi mwamuna amene anasiyidwa ndi masutikesi.

Loweruka, 15 Juni

Awiri mwa asanu. Ndayenda ndi chitsulo mpaka kumapeto kwa khonde. A Hoffrichter anaimba foni: Tuppence akudya bwino koma amathawira kunyumba kwanga madzulo aliwonse, amakamupeza atagona pa khonde. Nkhuku akuzisamala. Mvula sinagwe.

Mlongo wake wa Quilty anabwera ndi mapayi a nyama otentha m'pepala. Quilty anandigawira theka.

“Idyani, mwana wasukulu wanga. Ubongo umafuna mafuta.”

Lolemba, 17 Juni

Atatu mwa asanu. Quilty akuti ndikuthamanga kwambiri.

Lero kunali vuto. Nditanena dzina la filimu, Tahlia anafunsa, “Munakaionera ndi ndani? Ndi Mayi Trezise?”

Pa wailesi sananene zimenezo. Merle ndi ine sitinalowepo m'nyumba ya kanema, ndipo sindikanamuika m'bodza langa.

Quilty analowerera. “Ameneyu? Anagona filimu isanayambe! Muoneni nkhope, ndi ya munthu wolipira tikiti kuti akagone.”

Onse anaseka, Tahlia anapita pa funso lina. Madzulo ndinamupatsa Quilty kasitadi ndi mphesa zotsala.

Ndazindikira chinthu china chonyansa. Maina aja sakuchoka. Ndinkaganiza kuti ndiziwataya pamodzi ndi kapepala, koma akukhala. Ndikudziwa tsopano amuna onse atatu a mayi wa pa bwalo la ndege uja, motsatana. M'mutu mmene munali miyeso ya njanji ndi masiku a mvula mwalowa alendo ndi nsapato zawo.

Lachiwiri, 18 Juni

Achotsa zomangira bala, khumi ndi zisanu ndi zinayi. Bala lauma bwino. Wamafizo wandiphunzitsa kukwera masitepe: mwendo wabwino patsogolo pokwera, wodwala patsogolo potsika. Wandiyesanso kuwiritsa madzi ndi kupanga tiyi m'kakhitchini kawo. Tiyi ndinayamba kupanga iye asanabadwe, koma ndinapanga mwaulemu.

Atatu mwa asanu. Achule a chokoleti ndili nawo asanu m'dirowa, pamwamba pa mapepala a Kerryn. Sindidya. Mayi Pengilly akuti ndine njonda yobisika ndipo ndiyenera kuti ndinali katswiri wa dansi.

Lachitatu, 19 Juni

Batire la kawailesi linatha pakati pa funso lachiwiri. Quilty analimenya pa tebulo, analiluma, silinadzuke.

“Lero tafa, amwene.”

Ndinalowa ndi yankho limodzi lokha, tsiku lomaliza msonkhano usanachitike. Ndinalisunga, ndinalinena bwino. Kenako pa funso lachinayi, za gulu lina loimba la anyamata a pachibale, Quilty anayamba kutsokomola, ndipo m'kati mwa chifuwacho munali dzina. Limeneli analidziwa ndi mutu wake. Ndinalitola. Tahlia anamupatsa madzi.

Awiri mwa asanu. Zakwana.

Sindinapemphere kuyambira pa maliro a Merle, ndipo sindiyamba lero chifukwa cha bolodi. Ndameta ndevu, ndapempha malaya oyera a mawa.

Lachinayi, 20 Juni

Msonkhano unali 2 koloko m'chipinda chochezera, bolodi ili kumbuyo kwanga.

Wamafizo anati miyendo ili bwino, kunyumba aikako zogwirira kubafa, ndipo makwerero ndisawakhudzenso. Dokotala Wijesinghe anati mayeso ake ndinakhoza kuyambira pachiyambi, chimene chinkamudetsa nkhawa ndi zolembedwa za sabata yoyamba. Anatembenukira kwa Tahlia.

Tahlia anali ndi pepala la mizere yamitundumitundu, mzere wanga ukukwera.

“A Hedley asintha kwambiri. Atabwera anali otsekeka, sankakumbukira chilichonse. Koma nyimbo ndi mafilimu a nthawi yawo zawatsegula. Kunena zoona, ndi umboni wakuti pulogalamu yathuyi imagwira ntchito.”

Dokotala anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene anaona. Anafunsa, “Bambo Trezise, inu mukuona bwanji?”

Ndinali ndi mawu okonzeka, mawu a masiku onsewa. Ndinayang'ana Kerryn. Anali atagwira chikwama chake ndi manja awiri, akumwetulira koyamba chibwerereni.

Ndinati, “Zandithandiza.”

Ndipita kwathu mawa.

Koma Kerryn anali asanamalize. Anati akuvomera ndi mtima wonse, pokhapokha pakhale njira yoti azidziwira tsiku ndi tsiku kuti mutu uli bwino. Tahlia anadumpha pa mpando.

“N'zosavuta! Ndikuonetsani pomwe ndimazitenga. Muziwaimbira m'mawa uliwonse, muziwafunsa awiri kapena atatu. Akayamba kuphonya masiku otsatizana, mudziwa kuti nthawi yakwana yoti tionanenso.”

“Eyiti koloko, ndisanapite kuntchito,” anatero Kerryn. “Mukuona bwanji adadi? Tizicheza tsiku lililonse, za zinthu zimene mumakonda.”

Dokotala analemba zimenezo.

Nditamuuza Quilty anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona.

“Mpaka liti, amwene?”

“Sananene.”

“Ndiye kuti mpaka m'bokosi! Mayo ine, bondo langa!”

Lachisanu, 21 Juni

Magazi 138/82. Mankhwala opita nawo: opha ululu ndikawafuna, jakisoni wa pamimba masiku ena khumi, namwino woyendera azibwera Lachiwiri. Achule onse ndamusiyira Quilty, iye atuluka sabata yamawa. Anandilembera nambala ya siteshoni kuseri kwa dzanja langa ngati mwana wa sukulu ya mkaka.

“Mugule mabatire ambiri, mdala. Ndipo musakhoze zonse.”

Tahlia anandikumbatira pa chitseko. Akuti nkhani yanga akaifotokoza ku msonkhano wa anzake a ntchito yomweyo.

Ndinapempha Kerryn kuti tiime pa sitolo ya zitsulo. Ndinati ndikufuna kawailesi komvera za nyengo. Anandigulira ndi chimwemwe.

Loweruka, 22 Juni, kunyumba

Kerryn anagona kuno, wanyamuka mbandakucha. Tuppence waonda pang'ono. Thanki ili theka.

Hafu sikisi ndinakhala pa tebulo la kukhitchini ndi pensulo. Mnyamata uja anaseka yekha, anawerenga zisanu. Galu anandiyang'ana, kenako anatuluka panja.

Eyiti koloko foni inalira. Kerryn anaima m'mbali mwa msewu kuti aimbe.

“Tiyambe lero lomwe, adadi! Tsiku ngati lalero, ndi woimba uti amene anagwa pa siteji buluku litang'ambika?”

Ndinadikira pang'ono, monga anandiphunzitsira Quilty. Ndinanena dzinalo. Lachiwiri ndinakhoza, lachitatu ndinaphonya dala.

“Awiri mwa atatu! Mwakhoza, adadi. Mawa nthawi yomweyi.”

Ndazimitsa wailesi, ndaiika m'kabati pamodzi ndi mankhwala a makoswe. Ndatuluka ndi chitsulo changa kukatsegulira nkhuku. Mpaka hafu sikisi mawa, nyumba ino ndi yanga.